Gawo la wosenza katundu: kupempherera asilikali athu akale

[Chithunzi: nsanja ya njerwa zofiira yokumbukira asilikali ya ku Zomba, m'mawa. Lipenga likumveka chapatali.]

Moni nonse, abale ndi alongo mwa Ambuye. Lamulungu lachiwiri la mwezi wa Novembala, nthawi ikangokwana 11 koloko m'mawa, lipenga limalira pa nsanja iyi pafupi ndi Cobbe Barracks, ndiponso pa nsanja ya ku Area 18 ku Lilongwe. Anthu amangoti zii kwa mphindi ziwiri, kenako akuluakulu amayala nkhata za maluwa. Ambirife nthawi imeneyo timakhala tili m'tchalitchi, kwaya ikuimba, ndipo tsikuli limatidutsa osalizindikira. Lero tikambirane za anthu amene lipenga lija limawalirira, ndi zomwe Mkhristu anganene kwa Mulungu za iwo.

Ola limeneli ndi lomwe mfuti za nkhondo yoyamba ya dziko lonse zinaleka kulira ku Ulaya pa 11 Novembala 1918. Kuno uthenga unachedwa. Mkulu wa asilikali a Germany kum'mawa kwa Africa, von Lettow-Vorbeck, anadzatula zida pa 25 Novembala ku Abercorn, komwe lero ndi Mbala ku Zambia. Kuyamba kokha ndiye sinachedwe: pa 9 Seputembala 1914 magazi anali atakhetsedwa kale ku Karonga. Makolo athu ankaitchula kuti nkhondo ya Chiwaya, potengera mfuti ija yolavula zipolopolo mosalekeza.

[Chithunzi: mzere wautali wa amuna opanda nsapato, mitolo ili pamutu.]

Amuna a ku Nyasaland pafupifupi 19,000 anavala yunifolomu ya King's African Rifles, gulu la asilikali la atsamunda a Britain. Koma yang'anitsitsani chithunzichi. Awa alibe mfuti, alibe mendulo. Ndi atengatenga, ndipo analipo pafupifupi 200,000. Kumene kunkamenyedwa nkhondo kunalibe misewu yoti galimoto n'kudutsa, ndipo ng'ombe ndi akavalo zinkafa ndi kashembe. Ufa, zipolopolo, mahema ndi mankhwala, zonse zinkayenda pamutu pa munthu. Ambiri sanapite mwa kufuna kwawo. Ankagwidwa m'midzi, mafumu ataopsezedwa kuti apereke anthu. Anafa ndi njala, kamwazi, malungo ndi chibayo, ndipo ambiri anakwiriridwa m'mbali mwa njira popanda wolemba dzina. M'chaka cha 2021, bungwe losamalira manda a ankhondo la Commonwealth War Graves Commission linavomera poyera kuti anthu osachepera 116,000, ambiri mwa iwo a ku Africa ndi ku Middle East, sanakumbukiridwe ndi maina awo monga anachitira ndi azungu.

Nkhani imeneyi ikamandiwawa, ndimatsegula 1 Samueli 30. Davide ndi amuna 600 abwerera ku Zikilagi, apeza mudzi watenthedwa, akazi ndi ana atengedwa ndi Aamaleki. Ayamba kulondola. Pofika pa mtsinje wa Besori, amuna 200 alefuka, miyendo yakana, atsala pamenepo ndi akatundu. Enawo 400 apitirira, apambana, abwerako ndi zofunkha zambiri. Ndiye ena mwa opambanawo akuti: awa sanamenye nawo, tingowapatsa akazi awo ndi ana awo, azipita. Davide anakana. Analamula kuti gawo la wopita kunkhondo lifanane ndi gawo la wotsala ndi akatundu, ndipo linakhala lamulo mu Israyeli. Chifukwa chake anachinena yekha: chipambanocho anapereka ndi Yehova, sichinali cha mkono wa munthu.

Tsono ngati wotsala ndi katundu pamtsinje anayenera gawo lathunthu, nanga uja anasenza katunduyo miyezi yambirimbiri mpaka kugwa nawo m'njira? Boma la atsamunda linamumana gawo lake. Mpingo usamumanenso. Pa pemphero la tsikuli, mtengatenga atchulidwe pamodzi ndi sajeni, ndipo atchulidwenso mayi uja anatsala akulima yekha, kudikira mwamuna amene sanabwerere.

[Chithunzi: tchalitchi cha Providence Industrial Mission ku Mbombwe, Chiradzulu.]

Ndikudziwa kuti ena mwa inu muli ndi funso. Yesu anatiuza kukonda adani athu. Kulemekeza msilikali si kudalitsa nkhondo kodi? Funsoli n'loyenera, ndipo m'busa wa kwathu konkuno analimbana nalo nkhondo ili mkati. Mu Novembala 1914, John Chilembwe analembera kalata nyuzipepala ya Nyasaland Times. Anadandaula kuti amphawi a mu Africa, osowa kanthu pa dziko lino, akuitanidwa kukafera mlandu womwe si wawo, n'kusiya akazi amasiye ndi ana amasiye. Onani kuti iye anadana ndi nkhondoyo chifukwa chokonda anthu amene ankafa nayo. Ine ndimaona kuti Mkhristu aime pomwepo: alire chifukwa cha nkhondo, akumbatire munthu amene yamudya.

Baibulo silibisa kulemera kwa magazi. Davide yemweyo anakanizidwa kumanga kachisi chifukwa anakhetsa magazi ambiri. Werengani 1 Mbiri 22:8. Koma asilikali atafunsa Yohane M'batizi chochita, pa Luka 3:14, sanawathamangitse. Anawauza kuti asalande za anthu, asanamizire munthu, akhutire ndi malipiro awo. Ndipo anali mkulu wa asilikali a Roma, ku Kaperenao, amene Yesu anati sanapeze chikhulupiriro chonga chake mu Israyeli.

[Chithunzi: asilikali okalamba atakhala pa mipando, mamendulo ali pachifuwa.]

Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse anyamata athu anafika ku Somaliland, ku Ethiopia, ku Madagascar, mpaka m'nkhalango za ku Burma m'chaka cha 1944. Otsala a m'badwo umenewo ndi ochepa kwambiri tsopano. Pambuyo pawo pali aja ankalondera njanji ya ku Nacala nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique, ndi aja akhala akupita kukasungitsa mtendere ku Congo. Mu Novembala 2018, asilikali athu asanu ndi mmodzi anaphedwa pafupi ndi Beni. Mmodzi wa iwo, Chancy Chitete, anaona msilikali wa ku Tanzania atavulala zipolopolo zikugwa. Anamukokera pobisika, ndipo akumuthandiza pamenepo iye mwini anawomberedwa. Mnzakeyo anapulumuka. M'chaka cha 2019 bungwe la United Nations linapereka kwa banja lake mendulo ya Captain Mbaye Diagne. Mukamawerenga Yohane 15:13, za munthu wotaya moyo wake chifukwa cha abwenzi ake, dzina limeneli lizikubwererani.

Nanga wamoyo, amene wakhala benchi ya kumbuyo m'tchalitchi mwanu? Ena anabwera ndi thupi lathunthu koma tulo tinatsala kunkhondo. Amadzidzimuka usiku, amakwiya msanga, ena amathawira ku mowa, ndipo pamudzi timangoti nkhondo inawasokoneza mutu, n'kumawalambalala. Musamufunse kuti anapha angati. Funso limenelo limatukula bala. Khalani naye pansi, afotokoze zomwe akufuna kufotokoza, ndipo ngati mtima wake ukumutsutsa, mumukumbutse kuti mtanda wa Khristu umafika ngakhale pamenepo. Yakobo 2 amadzudzula wouza wanjala kuti apite mumtendere osamupatsa kanthu. Choncho popita kukapemphera, amayi a chigwirizano anyamule kaufa ndi sopo, achinyamata akafolere denga mvula isanagwe, ndipo mukaona duwa lofiira lija la popi likugulitsidwa mu Novembala, gulani, ndalama zake n'zothandizira asilikali akale.

[Chithunzi chibwerere pa nsanja. Nyimbo ileke.]

Tiyeni tiweramitse mitu. Atate, Inu mukudziwa pomwe pagona mtengatenga aliyense amene dzina lake silinalembedwe. Tonthozani amasiye a asilikali athu, a kale ndi a dzulo lomwe. Patsani tulo kwa iwo amene usiku umawabwezera kunkhondo, khululukirani amene manja awo akuwalemera, ndipo sungani ana athu amene ali pa ntchito kutali ndi kwawo. Gwirani mitima ya olamulira asanatume mwana wa munthu kukafa. M'dzina la Yesu Khristu, Ameni.