Chitsa chimanyekabe pansi

Mwadzuka bwanji abale anga mwa Ambuye. Mawu a m'mawa uno ali pa Yobu 2:13, mukuwadziwa kale, anzake atatu aja anakhala naye pansi masiku 7 usana ndi usiku osalankhula kanthu, poona kuti ululu wake unali waukulu. Ndisanapite patali ndikupempheni, ngati pali munthu amene mukumudziwa kuti moto wolusa unamuotchera nyumba, munda, ziweto kapena m'bale, muimbireni foni lero lomwe, ngakhale papite zaka chichitikireni. Musadikire Lamulungu.

Ine sabata ino tulo tandivuta. Wina anatentha zinyalala madzulo, fungo la utsi linalowa pawindo, basi mtima unayamba kugunda ngati ndikuthawanso, thukuta m'manja, ndikumadzukadzuka kukasuzumira panja chonsecho ndikudziwa bwinobwino kuti palibe chikupsa. Moto umene tinathawa ife unazima kalekale, udzu unaphuka, tinamanganso. Koma thupi langali likadali maso, silinavomerebe kuti zinatha.

Moto ukadutsa m'tchire pamwamba pamaoneka bii, pozizira, munthu nkumati watha. Koma pamakhala chitsa china chimene chikunyeka pansi, moto ukutsata mizu pang'onopang'ono popanda lawi. Ozimitsa moto amazidziwa izi, n'chifukwa chake sanyamuka lawi likangozilala, amayenda akufukula, akukhudza phulusa ndi dzanja kuti amve ngati mukutentha. Ku Fort McMurray ku Canada moto unabuka mu Meyi 2016 nkuthamangitsa anthu oposa 80,000 m'nyumba zawo, koma anadzalengeza kuti wazimiratu mu Ogasiti 2017, utadutsa nyengo yonse ya chisanu ukunyeka pansi. Ngati nthaka imasunga moto chonchi, nanga mtima wa mayi amene anathamanga mu utsi ndi mwana kumsana osadziwa kuti njira ili kuti?

Apa ndikudzudzuleni pang'ono, mwachikondi ndithu. Tikamva kuti anthu 85 afa ndi moto ku tauni ya Paradise ku California, ku America, mu 2018, kapena pafupifupi 100 ku Lahaina ku Hawaii mu 2023, timapemphera, anthu amasonkha zovala ndi mabulangete, zonsezo nzabwino. Koma atolankhani akachoka ifenso timachoka, ndipo tikakumana ndi wopulumukayo timafulumira kunena kuti "thokozani Mulungu munatuluka amoyo, katundu mudzapeza wina." Mawuwo ndi oona, koma nthawi zambiri timawanena kuti nkhani ithe msanga, tikwirire chitsa ndi dothi tizipita. Munthuyo amangoti ameni, nkukagona ndi funso lomwe sangalinene pagulu, loti bwanji ine ndinapulumuka pamene neba wanga anatsala mkati. Kumbukirani kuti nkhosa za Yobu ndi anyamata ake oweta zinatha ndi moto, iye nkukhala paphulusa, ndipo anzake anachita bwino masiku onse amene anali chete. Zinasokonekera atatsegula pakamwa nkuyamba kumufotokozera chifukwa chake zinamugwera.

Muimbireni foni ija. Simukufunika kukhala ndi yankho ayi. Bungwe la WHO, loona za umoyo pa dziko lonse, pa malangizo ake othandizira anthu ogwidwa ndi ngozi limaphunzitsa zinthu zosavuta, kuona mmene munthu alili, kumumvetsera, ndi kumulumikiza ndi thandizo, ndipo limachenjeza kuti tisamukakamize kufotokoza zomwe anaona. Akafuna kulankhula alankhule, akabwereza nkhani yomweyo kachikhumi mumvenso. Chitsa chonyeka sachithira madzi kapu imodzi nkuchoka, umabwerako mawa, nkubwerakonso mkuja.

Ku Victoria ku Australia moto wa Black Saturday unapha anthu 173 mu 2009, ndipo akatswiri a pa University of Melbourne anawatsatira opulumuka kwa zaka 10. Anapeza kuti ambiri anachira, tiyamike, koma ena anali akuvutikabe maganizo zaka zonsezo zitadutsa, ndipo omwe anali m'magulu a m'dera mwawo zinkawayendera bwinoko. Ine ndikamaganiza zimenezi ndimaona mpingo, kwaya, gulu la mapemphero, mwayi wonsewu tili nawo m'manja. Ndiye bwanji m'bale wathu akasiya kubwera timangoti wabwerera m'mbuyo, osapita kukakhudza phulusa lake timve ngati mukutentha?

Kwa inu amene chitsacho chili mwa inu, ngati ine sabata ino, mverani. Kulota moto, kudzidzimuka ndi sayirini kapena mphepo yotentha, kupsa mtima pa zazing'ono, kupewa msewu umene munathawira, sikuchepa chikhulupiriro, ndi mmene thupi limachitira likaona imfa pafupi. Kwa ambiri zimazilala pakapita masabata. Koma zikapitirira mwezi, zikamakulepheretsani kugwira ntchito kapena kusamala ana, mukayamba kufuna mowa kuti tulo tibwere, pitani kuchipatala kapena kwa aphungu a za maganizo, madokotala amalidziwa vutoli, amalitcha PTSD, ndipo chithandizo chake chilipo. Maganizo ofuna kudzipha akabwera musagone nawo ngakhale usiku umodzi, uzani munthu pompo. Pempherani ndithu, ndipo pitaninso, Mulungu amene amamva pemphero ndi yemweyo anapatsa anthuwa nzeru.

Ana musawaiwale. Iwo sanena kuti ndili ndi nkhawa, amangoyambiranso kukodza pogona, kukakamira amayi, kujambula nyumba zoyaka. Musawakalipire, auzeni zoona m'mawu osavuta ndipo nthawi yodya ndi yogona ibwerere mmene inalili.

Tipemphere. Ambuye Yesu, inu mukudziwa amene sanagone usiku wathawu chifukwa cha moto umene ena tonse tinauiwala. Apatseni tulo, apatseni munthu wokhala nawo pansi, ndipo ife mutipatse mapazi opita ndi makutu omva. Kumbukiraninso ozimitsa moto, amene anaona zinthu zoti kunyumba sangazifotokoze. Ameni.