Mng'ono wanga, chida cha AI chija uyambe wawerenga malangizo ake

Mng'ono wanga, wadzuka bwanji? Uthenga wako ndauona, koma kulemba kukanatalika, ndiye ndangoti ndijambule mawu. Ukuti anzako a m'kalasi akugwiritsa ntchito zida za AI zofufuzira mapepala a kafukufuku, ndipo ukufuna ndikutchulire chabwino. Dzina sindikupatsa ayi, zidazi zikusintha mwezi ndi mwezi. Ndikuuza mmene ungachiyesere wekha, kuyambira pa tsamba lija aliyense amalidumpha, la malangizo, pamene eni chida amafotokoza mmene chimagwirira ntchito.

Ukatsegula, usake kaye pamene alemba komwe chidacho chimatenga mapepala. Zambiri mwa zidazi zimangotumidwa kukatapa m'nkhokwe za ena. Pali Semantic Scholar ya Allen Institute for AI, inayamba mu 2015, ili ndi mapepala opitirira 200 miliyoni. Pali OpenAlex, inabwera mu 2022 Microsoft atatseka nkhokwe yake ya Microsoft Academic. PubMed ndi ya zaumoyo, arXiv kwenikweni ndi ya fizikisi, masamu ndi makompyuta, ndipo zambiri za mu arXiv zimaikidwa akatswiri ena asanaziunike. Ndiye iwe ndi mutu wako wa maphunziro a ana uja, chida chikamatapa mu arXiv mokha, chikubweretsera tochepa, ndipo sichikuuza kuti chasaka pamalo olakwika. Malangizo akangoti amafufuza mapepala mamiliyoni osatchula nkhokwe, ine ndimatseka pompo. Akatchula Google Scholar uchenjerenso, chifukwa Google sinatsegule khomo lovomerezeka loti mapulogalamu azitengerapo. Ochita zimenezo amangokokolola pa tsamba, ndipo atha kutsekeredwa nthawi ina iliyonse.

Tsopano apa ndiye umvetsetse. Kodi chidacho chimawerenga pepala lonse, kapena abstract yokha, kachidule kapamwamba kaja? Mapepala ambiri ndi otsekedwa, mpaka munthu alipire kapena yunivesite yake ikhale inalembetsa, choncho chida chimangoona mutu ndi kachiduleko. Kachiduleko kanganene kuti njira yakutiyakuti yophunzitsira inathandiza ana kuwerenga. Koma zoti anawo anali ochepa, a sukulu imodzi, ndiponso kuti ofufuzawo eni ake akukayika ngati zingagwire kwina, zimenezo zimakhala mkati, pamene afotokoza mmene anachitira kafukufuku, ndi chakumapeto. Iwe n'kulemba mu thesis ngati nkhani yotsimikizika, asupavaiza n'kukufunsa kuti anali ana angati, kukamwa yasa! Malangizo abwino amanena poyera kuti apa tawerenga lonse, apa chidule chokha, ndipo amakuonetsa chizindikiro chosiyanitsira.

Uonenso ngati afotokoza chimene chimachitika zinthu zikalakwika. Nkhokwe zimenezi zili ndi malire. PubMed imalola pulogalamu kufunsa katatu pa sekondi, kakhumi ngati ili ndi kiyi yolembetsa. Chida chikagunda malirewo, chimakuuza kuti chalephera, kapena chimangokupatsa theka n'kukhala chete ngati zonse zili bwino? Nanga chikapanda kupeza kalikonse? Pamenepa mpamene AI imapeka. Imakulembera mutu wooneka bwino, mayina a akatswiri enieni, chaka, zonse, koma pepalalo kulibe. Mu 2023 maloya ena ku New York analipitsidwa chindapusa cha madola 5,000 atapereka kukhoti milandu yopeka imene ChatGPT inawalembera. Maloya, mng'ono wanga, anthu odziwa kuwerenga!

Ndiye ukamaliza kuwerenga, uyese ngati zimene alembazo n'zoona. Tenga pepala limene uli nalo kale, ulifunse mmene malangizowo anenera, uone ngati lituluka. Kenako upeke mutu wa pepala loti kulibe, ulifunsenso. Chida chabwino chikuuza kuti sichinalipeze. Chikakubweretsera ndi chidule chomwe, chisiye, usachitayirenso nthawi. Pepala lililonse chimene chakupatsa, usake DOI yake, nambala yozindikiritsa pepala ija imayamba ndi 10, uiike pa doi.org, uone ngati ikukufikitsa pa pepala lomwelo. Mapepala ena enieni alibe DOI, makamaka akale, amenewo uwasake ndi mutu wake. Pali mapepala enanso amene anachotsedwa atapezeka ndi zolakwika kapena zachinyengo. Tsamba la Retraction Watch limasunga mndandanda wake, ndipo kuyambira 2023 mndandandawo uli m'manja mwa Crossref, bungwe lolembetsa ma DOI, ndipo aliyense atha kuuona. Uone ngati malangizowo anenapo kuti chida chimakuchenjeza pa zimenezo.

Deti lomwe anakonza tsambalo komaliza uliyang'anenso. Ngati zithunzi zake sizikufanana ndi zimene ukuona pa kompyuta yako, ndiye kuti eni ake anasiya kulisamala.

Ii, ndikanaiwala. Usaikemo machaputala ako usanawerenge zimene amachita ndi zolemba za anthu, ngati amazisunga, komanso ngati amaphunzitsira nazo AI yawo. Ndiponso uwafunse asupavaiza zimene yunivesite yanu imalola, chifukwa malamulo amasiyana, kwina amafuna ulembe kuti unagwiritsa ntchito chida chakuti.

Ukasankha ziwiri, ujambule pamene alemba za nkhokwe paja unditumizire, tionere limodzi Loweruka. Amayi uwapatse moni, uwauze kuti ndiwaimbira madzulo ndikaweruka.