Mabuleki a selo akaduka: khansa ya chikhodzodzo ku Kashmir

Kwathu ku Malawi munthu akakodza magazi, maganizo amathamangira ku likodzo. Ku chigwa cha Kashmir, kumpoto kwa India, dokotala amayamba kufunsa za fodya, poganizira khansa ya chikhodzodzo. Kumeneko anthu ambiri, makamaka akumidzi, amasuta hookah, mtsuko wamadzi wokhala ndi paipi, umene iwo amautcha jajeer. Madziwo amangoziziritsa utsi, sachotsa poizoni. Mankhwala oopsa a mu utsiwo monga 4-aminobiphenyl amalowa m'magazi, impso zimawasefa, kenako amakhala maola ambiri mu mkodzo akukhudza maselo a m'kati mwa chikhodzodzo n'kumawononga DNA yawo.



Apa ndi pamene majini amalowera. Tikunena majini a mu DNA, osati aja a kwa asing'anga. Jini ya TP53 ili pa chromosome 17 (chromosome ndi mkulungo wa DNA m'kati mwa selo), ndipo imapanga puloteni ya p53 yokhala ndi ma amino acid (tizigawo tomangira puloteni) 393. DNA ikawonongeka, p53 imaimitsa selo kuti lisagawikane mpaka litakonzedwa. Zikakanika, imalamula selolo kuti lidziphe. RB1 ya pa chromosome 13 ndi CDKN2A ya pa chromosome 9 nazonso ndi mabuleki. Pafupifupi theka la zotupa zimene zalowa mu mnofu wa chikhodzodzo zimakhala ndi TP53 yowonongeka, pomwe zotupa zapamwamba chabe nthawi zambiri zimadzera njira ina, ya jini ya FGFR3.

Ku Srinagar, ofufuza a ku Sher-i-Kashmir Institute of Medical Sciences akhala akuyeza zotupa zoterezi. Njira yodziwika ndi iyi: dokotala amapala chotupa kudzera mu njira ya mkodzo, DNA imachotsedwa, kenako ndi PCR (njira yokopera DNA kambirimbiri) amachulukitsa ma exon (zigawo za jini) 5 mpaka 8 mwa ma exon 11 a TP53, chifukwa mbali imeneyi ndi yomwe p53 imagwirira DNA. Akatero amawerenga zilembo zake, n'kuyerekeza ndi DNA ya m'magazi a wodwala yemweyo. Kupanda kutero, kusiyana kobadwa nako mungakuyese kuwonongeka kwa chotupa.

Zolakwika zimachuluka pokonza kachidutswa ka chotupa kokayeza. Formalin, mankhwala osungira kachidutswako, amasintha chilembo C cha DNA kuoneka ngati T, ndiye mumapeza vuto lomwe kulibe. Kachidutswa kakachuluka maselo abwinobwino, njira ya Sanger yowerengera zilembo za DNA siiona kuwonongeka kwa jiniko ngati kuli pansi pa 15 kapena 20 peresenti ya DNA yonse yoyezedwa.

Choipa kwambiri ndi kudalira utoto wokha, womwe amapaka pa kachidutswa kuti p53 ioneke. p53 yabwino imaphwanyidwa patangopita mphindi pafupifupi 20, koma yopunduka imaunjikana n'kuoneka yabulawuni pa maikulosikopu. Komatu jini ikaduka pakati, puloteni siipangidwa n'komwe, galasi limaoneka loyera, ndipo wosazindikira amalemba kuti zonse zili bwino pa chotupa chomwe chilibe p53 ngakhale pang'ono.