Kamkanjo Kamodzi Kamene Kanavalidwa ndi Makanda 62

Moni nonse amene mukuonera. Tamvani za kamkanjo kena koyera ka ubatizo. Kanasokedwa mu 1841 ku Britain, pa ubatizo wa mwana woyamba wa Mfumukazi Victoria, ndipo kanavalidwa ndi makanda 62 a banja lachifumu kufikira 2004. Zaka 163, kachovala kamodzimodziko!

Nsalu yake ndi silika wolukidwa ku Spitalfields, mumzinda wa London. Koma chimene chimandigwira mtima ine ndi lesi, nsalu yoonekera mkati yolukidwa maluwamaluwa, imene ili pamwamba pake, yochokera ku Honiton m'chigawo cha Devon.

Lesi imeneyi sadula pansalu ayi, amachita kuluka ulusi umodziumodzi. Mayi amaika pamiyendo mtsamiro wolimba wodzaza ndi mapesi, n'kuyalapo chithunzi cha duwa kapena tsamba. Amabaya mapini motsata chithunzicho. Ulusi wake ndi wopyapyala ngati wa kangaude, wokulungidwa pa timitengo tambirimbiri. Ndiye amapingasa timitengo tija, kupota, kubaya pini, kupingasanso, mpaka duwa litaoneka. Duwa lililonse limalukidwa palokha, kenako onse amawasokerera pamodzi pa kaukonde kosalala. Tsiku lathunthu munthu atawerama, kachidutswa kotulukapo sikadzaza n'chikhatho chomwe. M'midzi ya ku Devon, ngakhale atsikana aang'ono ankaphunzira ntchitoyi kuti pakhomo palowe kandalama.

Pofika nthawi ya Victoria, makina anali atayamba kale kuwalanda msika amayiwa. N'chifukwa chake zinali zazikulu kuti mfumukazi inasankha lesi ya ku Honiton pa diresi lake laukwati mu 1840, n'kubwerezanso pa kamkanjo ka mwana wake. Amene anakasoka ndi Janet Sutherland wa ku Falkirk, ku Scotland, mwana wa munthu wokumba malasha. Dzina limeneli ndimafuna lizitchulidwa pamodzi ndi mayina a mafumu amene anakavala.

Nanga kanakhalitsa bwanji? Ubatizo ukatha, ankakachapa ndi manja m'madzi a pakasupe, n'kukasunga mumdima, chifukwa dzuwa limafoola ulusi.

Komabe nsalu imakalamba. Katafooka kwambiri, Mfumukazi Elizabeth II inapempha Angela Kelly, amene ankayang'anira zovala zake, kuti asoke kena kofanana ndendende. Vuto linali lakuti lesi yatsopano inkayera mbee, pomwe yakale ija inali itachita kachikasu ndi zaka. Mukudziwa chimene anachita? Anaiviika mu tiyi, tiyi wakumwa yemweyu, mpaka mtundu unafanana. Katsopanoko kanayamba kuvalidwa mu 2008, ndipo ndi kamene Prince George, mwana wa Prince William, anabatizidwira mu 2013.