Lilime Limadikira Uthenga

Mwadzuka bwanji abale ndi alongo mwa Ambuye.

Lachiwiri lapitali ndinapsa lilime ndi tiyi. Ndi phuma lothamangira ku ntchito, ndinangopiza osauzira. Masiku awiri athunthu nsima, usipa, ngakhale chinangwa chootcha, zonse zinkangokhala ngati ndikutafuna thonje. Pofika Lamulungu mchere wa mu usipa uja ndinaumvanso bwinobwino, chonsecho sindinamwe mankhwala alionse.

Pa lilime pathu pali timatuza ting'onoting'ono, ndipo m'kati mwake muli timagulu ta maselo 50 mpaka 100 tomwe timamva kutsekemera, kuwawa, kuwawasa ndi mchere. Maselo amenewa sakhalitsa. Ambiri amafa pakatha masiku 10 mpaka 14, atsopano n'kulowa m'malo. Ndiye kuti maselo ambiri amene munalawira phala mwezi watha kulibenso lero.

Komatu atsopanowo sangobadwa okha, amadikira uthenga. Thupi limatulutsa puloteni ina yomwe asayansi anaipatsa dzina loseketsa, Sonic hedgehog. Imachokera ku maselo a m'timagulu tija komanso ku mitsempha yofika pa lilime, ndipo ntchito yake ndi kuuza maselo oyandikana nawo kuti apitirize kubereka. Mtsempha ukaduka, timagulu tija timafota, ukameranso, timabwerera.

Mu 2012 ku America anavomereza mankhwala a khansa ya pakhungu otchedwa vismodegib, omwe amatseka njira ya uthenga womwewu. Ambiri amene amawamwa amadandaula kuti chakudya sichikukomanso. Mayi waphika ndiwo zomwe zija, mchere wathira wokwanira, koma m'kamwa muli zii. Akasiya mankhwalawo, pakapita milungu kapena miyezi kukoma kumabwerera. Maselo obereka aja anali asanafe, uthenga ndi umene sunkafika.

Ndaganiza za Barizilai pa 2 Samueli 19:35. Mfumu Davide atamuitana kuti akakhale naye ku Yerusalemu, mkuluyo anakana. Anati ali ndi zaka 80, sakumvanso kukoma kwa zimene akudya ndi kumwa. Ine ndimamulemekeza chifukwa sananamizire. Enafe timayimba nawo ku kwaya, Baibulo timatsegula, amen timayankha mokweza ndithu, koma kukoma kunatha kalekale ndipo sitiuza munthu. Tikatero timayamba kuloza chala abusa, ati ulaliki wa masiku ano ulibe mchere. Nthawi zina n'zoona, sindikana. Koma kawirikawiri tikufuna kulawa za lero ndi pemphero la chaka chatha, pamene ngakhale lilime la m'kamwa silikhala milungu iwiri osakonzedwanso.

Musanatuluke werengani Salimo 34:8, pamene akutiitana kuti tilawe tione ubwino wa Yehova. Ngati simumva kanthu lero, mawa muwerengenso.

Atate, tumizaninso mawu anu pamene panafota mwa ife. Amen.

Ndipo tiyiyo muuzire kaye.