Waya wa pacemaker akaulowetse pati mumtima? Apa ndi pomwe pali mkangano

Takulandirani anzanga. Lero tili pa pacemaker, kachipangizo kaja madokotala amaika pansi pa khungu pachifuwa kuti kazitumiza timagetsi mtima ukamagunda mochedwa kwambiri. Koyamba anakaika m'thupi la munthu ku Sweden mu 1958, koma mpaka lero ofufuza akukanganabe kuti nsonga ya waya wochokera pa kachipangizoka kupita mumtima izikakhala pati penipeni.

Kwa zaka zambiri ankangoukankhira kunsonga ya chipinda cham'munsi chakumanja, ija amati RV pacing, poti ndi kosavuta kufikako komanso waya sumasunthasuntha. Vuto lake ndi loti magetsi akayambira pamenepo amayenda pang'onopang'ono m'minofu, kumanja kumafinya kaye kumanzere n'kubwera mochedwa, ndiye mtima umapopa mopotoka ngati anthu awiri opalasa bwato mosamvana. Kafukufuku wa DAVID wa 2002 anaonetsa kuti odwala a mtima wofooka omwe ankalandira magetsi ambiri kumanjaku ndi omwe ankagonekedwa kapena kumwalira kwambiri.

Ndiye kunabwera biventricular, waya kumanja wina kumanzere kuti zipinda zizifinya limodzi. Mu kafukufuku wa BLOCK HF wa 2013, njirayi inaposa RV kwa odwala heart block (vuto loti magetsi sadutsa bwino kuchoka kuzipinda zam'mwamba kupita kuzam'munsi) omwe mtima wawo wayamba kufooka. Koma waya wakumanzerewo amaudutsitsa mukamtsempha kokhotakhota, nthawi zina sulowa n'komwe, pena umakhudza mtsempha wa phrenic, womwe umayendetsa mnofu wopumira, wodwala n'kumangomva m'mimba mukudumpha.

Tsopano mvetserani apa. Ena anati bwanji osalumikiza pa mawaya achilengedwe a mtimawo? His bundle pacing imachita zimenezo poika waya pa His bundle, kanjira kamene magetsi a mtima amatsikira kuzipinda zam'munsi; ECG, chithunzi cha mmene magetsi akuyendera mumtima, imatuluka yokongola zedi, kungoti malowo ndi aang'ono ndipo amafuna magetsi ambiri, batire limatha msanga. Mu 2017 dokotala wa ku China, Weijian Huang, anafotokoza zoboola khoma lapakati la mtima mpaka kukafika pa left bundle branch, nthambi ya kanjirako yopita kumanzere, ndipo njirayi yafala mwachangu kwambiri.

Ineyo ECG yokongola yokha sindikomedwa nayo. Kuti tinene kuti njira iyi yaposa inzake, odwala amayenera kugawidwa mwamwayi m'magulu awiri, ena left bundle ena biventricular, n'kuwatsata kwa zaka, kuwerenga kuti angati agonekedwanso, angati waya wavuta mpaka kuwachitanso opaleshoni, ndi angati amwalira.