Kufunsira malo ku yunivesite yaikulu ya boma, ndi zimene mukakumane nazo mukalowa

Moni nonse amene mukumvera. Lero ndikulankhula ndi inu amene mwamaliza sekondale kapena mwatsala pang'ono kumaliza, ndipo mtima wanu uli ku yunivesite yaikulu ya boma. Makolo, nanunso musachoke, chifukwa mapepala ambiri amene nditchule pano mumasunga ndinu.

Tiyambe ndi kukula kwake, poti zonse zikuchokera pamenepo. Yunivesite ya UNAM ku Mexico ili ndi ophunzira oposa 300,000. UNISA ya ku South Africa, imene ambiri amaphunzira ali kwawo, nayonso inapyola nambala imeneyo. Imene mukufuna inuyo mwina siyifika pamenepo, koma khalidwe lake ndi limodzimodzi. Sukulu yotere siyendera nkhope, imayendera masiku ndi manambala. Palibe amene adzakuimbireni foni kuti, pepani mwaiwala satifiketi. Fomu yoperewera amangoiika pambali n'kutenga ya wina. Ndiye chilichonse chimene ndinene lero chikutanthauza chinthu chimodzi: wozilondola zinthu zanu ndinu nomwe.

Choyamba, dziwani khomo lolowera, chifukwa makomo ake amasiyana dziko ndi dziko. Kwina mumafunsira ku yunivesiteyo mwachindunji. Kwina kuli bungwe limodzi lolandira mafomu a mayunivesite onse. Ku Britain kuli UCAS, kumene munthu amasankha makosi osapitirira asanu pa fomu imodzi. Ku France kuli Parcoursup, yomwe inayamba mu 2018. University of California ili ndi masukulu asanu ndi anayi olandira ophunzira a digiri yoyamba, koma fomu ndi imodzi, mumangochonga amene mukuwafuna. Ndiye kuli ena ngati University of Buenos Aires ku Argentina, kumene kulibe mayeso olowera, koma kuyambira 1985 aliyense amadutsa kaye chaka choyamba chotchedwa CBC, ndipo kusefa kwenikweni kumachitikira m'chaka chimenecho. Mwaona? Musatenge zimene anachita mnzanu wa sukulu ina n'kumati nanenso nditero. Tsegulani tsamba la pa intaneti la yunivesiteyo, lenilenilo, muwerenge nokha.

Mukatsegula, chinthu choyamba kulemba pa pepala ndi tsiku lotsekera. Ndipo chenjerani, sukulu imodzi ikhoza kukhala ndi masiku angapo. Ku UCAS kuja, ofuna udokotala, kapena ofuna Oxford ndi Cambridge, amatsekeredwa pa 15 Okutobala, pamene makosi ena ambiri amafika mu Januwale. Ku California amatseka chakumapeto kwa Novembala, sukulu n'kudzayamba chaka chinacho. Ndiye munthu amene akudikira kuti zotsatira za mayeso zituluke kaye ndi pamene ayambe kuganiza za fomu, m'malo ena amapeza chitseko chatsekedwa kale. Tsiku limene alembalo, inu mudzichotsere sabata yathunthu. Tsiku lomaliza aliyense amakhala ali pomwepo, tsamba limalemera, ndalama yolipirira fomu imachedwa kuoneka, basi mwatsala.

Tsopano nkhani ya kusankha kosi, apa ndichedwepo pang'ono, chifukwa ndi pamene ambiri amagwera ngakhale anakhoza bwino. Pali zinthu ziwiri zimene anthu amasokoneza. Pali magiredi ochepetsetsa amene amafunika kuti fomu yanu ailandire, ndiye pali magiredi amene anthu osankhidwadi amakhala nawo. Ziwirizi zimatalikirana kwambiri pa makosi amene aliyense amawalimbirana, monga udokotala, zamalamulo ndi uinjiniya. Kukwanitsa zochepetsetsazo kumangokulowetsani pa mzere. Malo akakhala ochepa, amayambira pamwamba kutsika, ndipo malo akatha, atha.

Ndiye ngati akupatsani mwayi wosankha makosi angapo, musadzaze onse ndi olimbiranidwa okhaokha. Ikani limodzi kapena awiri amene mtima ukufunitsitsa, ena amene magiredi anu akufikapo bwinobwino, ndi limodzi limene mukudziwa kuti simungalephere kulowa. Koma lomalizali likhale loti mukhoza kuliphunzira zaka zitatu kapena zinayi osadandaula tsiku ndi tsiku. Ena amalemba kosi imene sakuifuna n'komwe poganiza kuti ndikalowa kaye, ndikasintha ndili mkati. Kusintha kumatheka, inde, koma pa sukulu yaikulu kumadalira malo otsala ndi magiredi a chaka choyamba, ndipo makosi otchuka aja sakhala ndi malo otsala. Onaninso phunziro lenileni limene kosiyo ikufuna. Mukhoza kukhoza bwino zonse, koma ngati masamu anakuvutani, uinjiniya sangakutengeni. Makolo, apa ndikupempheni: mwana amene mukumukakamiza kosi yanuyo ndi iye amene akalembe mayeso ake, osati inu.

Za mapepala. Konzani satifiketi, chikalata cha magiredi, chitupa kapena pasipoti, ndi chithunzi chooneka bwino. Akanena kuti makope akhale otsimikizidwa ndi chidindo, musatumize wamba. Ndipo yang'anani dzina. Ngati pa satifiketi pali mayina atatu koma pa chitupa pali awiri, kapena chilembo chimodzi chasiyana, konzani zimenezo panopa, chifukwa kompyuta imaona ngati ndi anthu awiri. Ofuna kukaphunzira kunja, mwina adzakufunsani mayeso a chilankhulo, monga a Chingelezi otchedwa IELTS kapena TOEFL, ndipo zotsatira zake zimagwira ntchito zaka ziwiri zokha. Pojambula mapepalawa ndi foni, yalani pepala pamalo owala, makona onse anayi aoneke, chala chisalowemo.

Imelo mugwiritse ntchito yanu, ya dzina lanu lenileni, ndipo pasiwedi muidziwe nokha. Ndibwereze: musalembetse ndi imelo ya munthu amene wakuthandizani kudzaza fomu. Yankho likadzabwera lidzapita kwa iyeyo, ndipo kawirikawiri amapereka masiku owerengeka oti muvomereze malo. Mukapanda kuyankha, malowo amapatsa wina wa pa mndandanda wodikira. Komanso aliyense wokuuzani kuti ali ndi munthu mkati, mungomupatsa kenakake, ameneyo ndi wakuba. Ndalama ya fomu imalipiridwa ku akaunti imene yunivesite yalemba yokha, ndipo lisiti mulisunge.

Sukulu zina zimafuna kuti mulembe za inu mwini. Ku University of California kuja amapereka mafunso asanu ndi atatu, inu n'kuyankha anayi, lililonse mawu osapitirira 350. Malo ndi ochepa, ndiye musawataye ndi mawu akuti kuyambira ndili mwana ndakhala ndikulakalaka kuthandiza anthu. Owerengawo zimenezo aziona kambirimbiri. Nenani chinthu chimene munachitadi, mmene munachitira, ndi chimene chinakuvutani.

Nkhani ya ndalama muiyambe tsiku lomwelo limene mukuyamba fomu. Kunena kuti ya boma sikutanthauza kuti zonse ndi zaulere. Ngakhale ku Germany, kumene mayunivesite ambiri a boma salipiritsa fizi, wophunzira amaperekabe ndalama ina semesita iliyonse, ndipo pogona ndi chakudya amadzionera yekha. Ngongole ya ophunzira, thandizo la fizi, ndi malo ku hosteli, chilichonse chimakhala ndi fomu yakeyake ndi tsiku lakelake. Kulandiridwa ku yunivesite sikukupatsani bedi. Pa sukulu zikuluzikulu mabedi amachepa kuyerekeza ndi ophunzira, ndiye ambiri amakachita lendi kunja. Chipinda musalipire musanachione, ndipo muwerengere mtunda wake, chifukwa chotchipa chakutali chimadya ndalama ya ulendo.

Chabwino, tinene kuti mwalowa. Sabata yoyamba yolandirira ophunzira atsopano musaithawe. Ndi pamene amakuonetsani polembetsera maphunziro, laibulale, chipatala cha pasukulu ndi ofesi yoona za umoyo wa ophunzira. Mudzapatsidwa nambala, muiloweze, poti kulikonse adzayamba kukufunsani nambalayo dzina lisanabwere.

Kalasi ya chaka choyamba ikhoza kukhala ya anthu mazanamazana. Mphunzitsi ali kutsogolo uko ndi maikolofoni, inu muli mzere wakumbuyo, zolembedwa pa bolodi sizikuoneka, wa pambali panu ali pa WhatsApp. Mphunzitsiyo sadzadziwa ngati mwabwera kapena mwagona, ndipo apa ndi pamene ufulu umapweteka anthu. Ku sekondale belu linkakudzutsani, aphunzitsi ankakulondolani. Kuno mukhoza kujomba mwezi wathunthu osafunsidwa ndi wina aliyense, mpaka tsiku la mayeso. Fikani msanga, khalani kutsogolo. Ndipo tsiku loyamba akakupatsani pepala lofotokoza kosi yonse, muliwerenge mpaka kumapeto, chifukwa limanena masiku operekera ntchito ndi malikisi a gawo lililonse. Makosi ambiri amatenga gawo lalikulu la malikisi pa ntchito za mkati mwa semesita. Mukaphonya zimenezo, mayeso omaliza okha sangakupulumutseni.

Ndandanda ya makalasi idzakunamizani. Mudzaona mipata yambiri n'kuganiza kuti nthawi ilipo. Ku America amawerengera kuti ola limodzi la m'kalasi limafuna maola ena awiri owerenga panokha. Ku Ulaya, pa dongosolo la ECTS, limene limayeza kuchuluka kwa ntchito ya wophunzira ndi mapointi otchedwa makirediti, chaka chimodzi ndi makirediti 60, ndipo kirediti imodzi ndi maola 25 mpaka 30 a ntchito. Chulukitsani nokha, mupeza maola 1,500 mpaka 1,800 pa chaka. Imeneyo ndi ntchito ya tsiku lonse, ngati ya munthu wolembedwa. Mipata ija ndi ya ku laibulale.

Zikakuvutani, pitani mukagogode. Aphunzitsi ambiri amakhala ndi maola amene amadikira ophunzira mu ofesi, koma a chaka choyamba amaopa kupitako. Pajatu safunsa anadya phula. Mupite ndi funso lenileni, mutatsegula tsamba limene lakusokonezani, osati kungoti sindikumva chilichonse. Makalasi ang'onoang'ono obwereza zimene mwaphunzira, amene nthawi zambiri amatsogolera ndi ophunzira a digiri yachiwiri, ndiwo malo amene dzina lanu lingadziwike. Pezaninso anzanu atatu kapena anayi owerenga nawo, koma polemba ntchito aliyense alembe yake. Mayunivesite ambiri amadutsitsa ntchito m'mapulogalamu ngati Turnitin, amene amaonetsa ziganizo zofanana ndi za ena, ndipo chilango chake chimayambira pa ziro mpaka kuchotsedwa sukulu.

Za moyo wa kunja kwa kalasi sindichulutsa, poti zimenezo mudzazipeza nokha. Magulu alipo ambirimbiri, amasewera, oimba, amapemphero, andale, amtsutso. Lowani limodzi kapena awiri, osati onse. Ndinene chimodzi chokha chimene anthu sakonda kuchitchula: munthu ukhoza kusungulumwa koopsa uli pakati pa anthu masauzande. Zikafika poti simukugona, simukudya, kalasi simukuifunanso, ofesi ya uphungu ilipo chifukwa cha zimenezo. Chimodzimodzi mukadwala kapena kukagwa zovuta kwanu nthawi ya mayeso: dziwitsani ofesi ya dipatimenti yanu mayeso asanachitike kapena mwamsanga ndithu, molemba, ndi kalata ya kuchipatala ngati ilipo. Mukangokhala chete, m'kaundula amalemba kuti mwalephera, ndipo kudzafufuta zimenezo pambuyo pake ndi ntchito yaikulu.

Nthawi yatithera. Amene simunayambe fomu, usiku uno tsegulani tsamba lija, mulembe masiku atatu: la fomu ya malo, la thandizo la ndalama, ndi la hosteli. Zikomo pomvera.